Mbiri ya Andreas Gruentzig, dotolo amene anatsegula mitsempha ya mtima ndi kabaluni

Pa Sondo, pa 27 October 1985, ndeke yaing'ono ya mainjini awiri inagwa pafupi ndi tauni ya Forsyth m'cigawo ca Georgia ku America. M'ndekemo munali anthu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, ndipo onse anafera pomwepo. Mwamunayo, amenenso anali kuyendetsa ndekeyo, anali a Andreas Gruentzig, dotolo wa matenda a mtima wobadwira ku Germany. Anali ndi zaka 46 cabe. Panali patangopita zaka 8 kucokera tsiku limene dotoloyu anacita cinthu cimene akatswiri anzake ambiri anali kunena kuti n'cosatheka: kutsegula mtsempha wotsekeka wa mtima wa munthu wamoyo popanda kung'amba cifuwa.

Masiku ano m'zipatala zikuluzikulu padziko lonse, munthu wotsekeka mtsempha wa mtima amagonekedwa pa bedi ali maso. Dotolo amalowetsa kapaipi kopyapyala pa dzanja kapena pa mphecepece, n'kukayendetsa m'kati mwa mtsempha mpaka kumtima, ndipo pamalo potsekekapo amafufumitsa kabaluni. Odwala ambiri amabwerera kunyumba tsiku lotsatira. Njira imeneyi imachedwa angioplasty, ndipo anthu mamiliyoni amathandizidwa nayo caka ndi caka. Komabe ndi ocepa amene amadziwa kuti zipangizo zake zoyamba zinapangidwira pa thebulo la m'khichini, ndi kuti mwini wake anamwalira vuto lalikulu la njirayi lisanathe.

A Andreas Roland Gruentzig anabadwa pa 25 June 1939 mumzinda wa Dresden, kutatsala miyezi yocepa kuti nkhondo yaciwiri ya padziko lonse iyambe. Atate awo, a Wilmar, anali mphunzitsi wa sayansi. Anatengedwa kukagwira nchito ya zanyengo m'gulu la asilikali a m'mlengalenga, ndipo sanabwerere kwawo nkhondoyo itatha. Amai awo, a Charlotte, anatsala okha ndi ana aamuna awiri, Johannes wamkulu ndi Andreas wamng'ono. Mu 1950 amaiwa anatenga ana awo kupita ku Argentina kumene kunali acibale, koma patapita zaka ziwiri anabwerera ku Germany ndi kukhazikika mumzinda wa Leipzig.

Pa nthawiyo dziko la Germany linali litagawidwa pawiri, ndipo Leipzig inali kum'mawa, m'manja mwa boma la cikomyunizimu. Andreas anaphunzira pa sukulu lochuka la Thomasschule ndipo anatsiriza mu 1957 atakhoza bwino kwambiri. Koma boma la kum'mawalo linali kupereka malo a ku yunivesite poyamba kwa ana a anchito a m'mafakitale ndi alimi, kotero mwana wa mphunzitsi analibe ciyembekezo cokwanira. Mnyamatayu anathawira kumadzulo, kutsatira mkulu wake amene anali atapita kale ku Heidelberg. Anawoloka cipupa ca Berlin cisanamangidwe, pakuti ico cinamangidwa mu 1961.

Ku yunivesite ya Heidelberg anaphunzira zaudotolo ndi kutsiriza mu 1964. Poyamba mtima wao unali pa kafukufuku wa mmene matenda amafalikira pakati pa anthu, ndipo anakaphunzirako zimenezi mumzinda wa London. Maphunziro amenewo anawapatsa cizolowezi cimene sanacisiye moyo wao wonse, comwe ndi kulemba zotsatira za wodwala aliyense, zabwino ndi zoipa zomwe, ndi kukhulupirira manambala kuposa maganizo. Pambuyo pake anagwirako nchito pa cipatala ca matenda a mitsempha ku Darmstadt, ndipo mu 1969 anasamukira ku cipatala ca yunivesite mumzinda wa Zurich, ku Switzerland.

Kuti timvetse nchito imene anagwira kumeneko, tiyenera kudziwa matenda amene anali kulimbana nawo. Mtima umapopa magazi opita m'thupi lonse, koma nawonso umafuna magazi akeake kuti ugwire nchito. Magazi amenewa amadzera m'timitsempha toyenda pamwamba pa mtima, tokula pafupifupi mamilimita atatu okha. M'kupita kwa zaka, mafuta amaunjikana m'khoma la mtsempha monga mmene dzimbiri limatsekera paipi ya madzi. Njira ikacepa, munthu amamva kupweteka pacifuwa akamayenda kapena kukwera citunda. Ikatsekeka kotheratu, mbali ina ya mtima imafa, ndipo kawirikawiri munthuyo amamwalira mwadzidzidzi. Kusuta fodya, kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi kuculuka kwa mafuta m'magazi ndizo zimafulumiza vutoli.

Mu 1958, a Mason Sones a ku Cleveland ku America anapeza njira yojambulira timitsempha timeneti pa ekisire, ndipo madotolo anayamba kuona ndi maso pamene patsekeka. Mu 1967 dotolo wa ku Argentina, a René Favaloro, amenenso anali kugwira nchito ku Cleveland, anakhazikitsa opaleshoni yocotsa mtsempha kumwendo ndi kuulumikiza kumtima kuti magazi azilambalala malo otsekeka. Opaleshoniyi inapulumutsa anthu ambiri, koma inali yaikulu. Anali kudula fupa la pacifuwa, kuimitsa mtima, ndi kuika wodwala pa makina opopa magazi. Kucira kwake kunali kutenga miyezi.

Kunali munthu wina amene anaganiza za njira yosang'amba. Pa 16 January 1964, a Charles Dotter a mumzinda wa Portland ku America anatsegula mtsempha wa kumwendo wa mai wina wa zaka 82 amene anakana kudulidwa mwendo. Anacita izi pokankha timapaipi tolimba, kakang'ono poyamba kenako kokulirapo, kudutsa pamalo otsekeka. Madotolo a ku America sanailandire njirayi, koma ena a ku Germany anaitenga. Mmodzi wa iwo anali a Eberhard Zeitler, ndipo kwa iwowa ndi kumene a Gruentzig anaiphunzira. Atabwerera ku Zurich anayamba kuigwiritsa nchito pa odwala miyendo.

Sipanapite nthawi, anaona kuperewera kwake. Kuti mtsempha utseguke mokwanira, panafunika paipi yaikulu, ndipo paipi yaikulu inali kusiya bala lalikulu polowera. Komanso kukankha kunali kukhoza kunyotsola zidutswa za mafuta n'kukatseka timitsempha ta kutsogolo. Iwo anaganiza kuti pafunika cipangizo colowa ciri cacing'ono, cokakula cikafika pamalo ofunikira, n'kucepanso potuluka. Baluni ndiyo inali yankho, koma baluni ya mphira wamba sinathandize. Ikapopedwa inali kufufuma kumbali zofewa, pakati pamene pali polimba n'kukhala pomangika monga mtolo wa nkhuni. Panafunika baluni yofufuma kufika pa mlingo woikika n'kuuma gwa, osapitirira.

Cipatala sicinawapatse cipinda cocitiramo kafukufuku kapena ndalama. Motero madzulo akaweruka, ndiponso kumapeto kwa sabata, anali kukhala pa thebulo la m'khichini ya nyumba yao pamodzi ndi akazi ao a Michaela, wothandizira wao wa kucipatala a Maria Schlumpf, ndi amuna a maiyu a Walter. Anali kudula timapaipi ta pulasitiki, kutitenthetsa m'madzi owira, kutifufumitsa, kutimanga ndi ulusi ndi kutimata ndi guluu, kenako n'kutiyanika kuti tiume. Mabaluni ambiri anali kuphulika kapena kupindika. Anapitiriza motero kwa zaka pafupifupi ziwiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Thandizo linacokera kwa katswiri wa mankhwala ndi mapulasitiki amene anali atapuma pa nchito, Pulofesa Heinrich Hopff. Iye anawalangiza za mtundu wa pulasitiki wochedwa PVC, umene ukatenthedwa ndi kuumbidwa umasunga maonekedwe ake. Ndi pulasitiki ameneyu anapanga kabaluni kooneka ngati soseji, kokhoza kupirira mphamvu yaikulu popanda kupitirira kukula kwake. Pa 12 February 1974 anakagwiritsa nchito koyamba pa mwamuna wa zaka 67 amene anali kulephera kuyenda mtunda cifukwa ca kutsekeka kwa mtsempha wa m'ncafu. Mwamunayo anayambanso kuyenda bwino. Caka cotsatira anakonza kapaipi ka njira ziwiri, ina yopopera baluni, ina yodutsira kawaya ndi kupimira mphamvu ya magazi. Kakampani kakang'ono ka Schneider ka ku Zurich komweko kanayamba kupanga zipangizozi.

Maso ao tsopano analoza kumtima. Kumeneko zinthu zinali zoopsa, cifukwa mtsempha wa mtima ndi waung'ono, wokhotakhota, ndipo sukhala bata. Baluni ikafufuma imatsekereza magazi kotheratu kwa kanthawi, ndipo panalibe amene anali kudziwa ngati mtima wa munthu ungapirire. Mu 1975 anayamba kuyesa pa agalu mothandizidwa ndi dotolo wa opaleshoni ya mtima, a Marko Turina. Popeza agalu sadwala matenda otsekeka mitsempha monga anthu, anafunika kupanga kutsekekako ndi manja. Anali kumanga mtsempha wa mtima wa galu ndi ulusi wa silika kuti njira icepe, ndipo pambuyo pake anali kulowetsa baluni ndi kuutsegula. Agaluwo anapulumuka, ndipo magazi anayendanso.

Mu November 1976 anapita ndi zithunzi za agaluwo ku msonkhano wa bungwe la American Heart Association mumzinda wa Miami. Sanapatsidwe nsanja yaikulu. Anapacika zithunzi zao pa bolodi n'kuimirira pambali pake. Ambiri amene anadutsa anakayika, ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Kudula ulusi womangidwa pa mtsempha wabwinobwino wa galu n'kosiyana ndi kuphwanya mafuta ouma a mumtsempha wa munthu wodwala. Mmodzi wa okayikawo anali a Spencer King a ku yunivesite ya Emory ku Atlanta, amene pambuyo pake anadzakhala bwenzi lao lapamtima.

A Gruentzig anamva madandaulowo ndipo sanathamange. Anayesa baluni pa mitsempha ya anthu omwalira. Kenako mu May 1977 anapita ku San Francisco kwa a Richard Myler, kumene dotolo wa opaleshoni a Elias Hanna anawalola kufufumitsa baluni m'mitsempha ya odwala amene anali kale pa opaleshoni yolambalala, cifuwa ciri cotsegula. Kumeneko anatsimikiza kuti mtsempha wa mtima wa munthu umatseguka, ndi kuti sipatuluka zidutswa zoopsa zokatseka kutsogolo. Atabwerera ku Zurich anayamba kudikira wodwala woyenera. Madotolo ena a pacipatalapo anali kukana, koma mkulu wa opaleshoni ya mtima, a Åke Senning, amene mu 1958 anaika koyamba m'thupi la munthu kacipangizo kothandiza mtima kugunda, anavomera ndipo analonjeza kukhala okonzeka kucita opaleshoni zinthu zikavuta.

Wodwalayo anapezeka. Anali a Adolf Bachmann, wogulitsa inshuwalansi wa zaka 38, msinkhu umodzi ndi dotolo wao. Anali wosuta fodya kwambiri, ndipo anali kumva ululu woopsa pacifuwa cifukwa ca malo amodzi otsekeka pa mtsempha waukulu wa kutsogolo kwa mtima. A Gruentzig anawafotokozera mosabisa kuti njirayi inali isanacitikepo pa munthu ali maso, ndi kuti ikalephereka adzathamangitsidwa ku opaleshoni. A Bachmann anavomera.

Pa Cisanu, pa 16 September 1977, cipinda ca opaleshoni ciri cokonzeka pafupi, kapaipi kanalowetsedwa pa mphecepece pa a Bachmann ndi kuyendetsedwa mpaka kumtima. Kabaluni kanadutsa pamalo otsekeka popanda vuto. Atakafufumitsa, mtima unapitiriza kugunda bwino, ndipo wodwalayo sanamve ululu. Makina amene anawakonza kuti azipopera magazi kutsogolo kwa baluni, monga anali kucitira pa agalu, sanafunike n'komwe. Cithunzi cojambulidwa pambuyo pake cinaonetsa njira itatseguka. A Bachmann anatuluka m'cipatala ululu utatha, ndipo anasiya fodya.

Patapita miyezi iwiri anabwerera ku msonkhano wa American Heart Association, ulendo uno ali ndi zithunzi za anthu anai oyamba. Pamene anaonetsa cithunzi ca mtsempha usanatsegulidwe ndi cina utatsegulidwa, holo yonse inaomba m'manja iwo asanatsirize kulankhula. Mu February 1978 magazini ya zaumoyo ya The Lancet inasindikiza kalata yao yonena za odwala asanu oyamba, ndipo madotolo a m'maiko ambiri anayamba kupempha zipangizozo.

Apa ndi pamene khalidwe la munthuyu linaonekera. Anadziwa kuti baluni ikagwera m'manja mwa anthu osaphunzira, odwala adzafa ndipo njira yonse idzaletsedwa. Motero anagwirizana ndi kampani yopanga zipangizo kuti isagulitse kwa dotolo amene sanaphunzitsidwe. Kuyambira mu 1978 anayamba kuitana madotolo ku Zurich kuti adzaonerere pa wailesi ya kanema ya m'cipatala iwo akugwira nchito pa wodwala weniweni, akufotokoza ciriconse ndi kuyankha mafunso nthawi yomweyo. Zikavuta, onse anali kuona. Kaphunzitsidwe kotere kanali kacilendo, koma lero ndiko kamene madotolo a mtima amatsatira. Analimbikitsanso kuti aliyense wocita angioplasty azitumiza zotsatira zake kumalo amodzi, ndipo kaundula wotere anatsegulidwa ku America mu 1979.

M'caka comweco ca 1979 anafalitsa lipoti la odwala 50 oyamba m'magazini ya New England Journal of Medicine. Njirayi inatheka pa odwala 32. Asanu anathamangitsidwa ku opaleshoni yadzidzidzi. Sanabise manambala amenewa. Analembanso kuti mwa odwala 100 ofunika opaleshoni yolambalala, 10 mpaka 15 okha ndiwo anali oyenera baluni, ndipo anapempha kuti pacitike kafukufuku woyerekeza njira yaoyo ndi opaleshoni, kuti coonadi cidziwike ngakhale citakhala cowatsutsa.

Ngakhale dzina lao linamveka padziko lonse, ku Zurich anali kupatsidwa mabedi ocepa ndi nthawi yocepa, ndipo odwala anali kudikira nthawi yaitali. M'zaka zitatu anathandiza odwala mtima 169 okha. Zipatala zambiri za ku America zinawaitana, ndipo mu 1980 anasankha yunivesite ya Emory ku Atlanta, kumene a Spencer King ndi mkulu wa dipatimenti a Willis Hurst anawalandira. Kumeneko anathandiza odwala ambirimbiri ndi kuphunzitsa madotolo mazanamazana. Moyo wao unasinthanso. Ukwati wao woyamba unatha, ndipo anakwatira a Margaret Anne Thornton, amene anali kuphunzira zaudotolo. Anali munthu wokonda liwiro, pa galimoto ndi mumlengalenga momwe, ndipo anagula ndeke yaoyao.

Koma panali munga umodzi umene sunawapatse mtendere. Odwala ambiri amene anatuluka m'cipatala akusangalala anali kubwerera pakapita miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ululu wa pacifuwa utayambiranso. Akawajambula, anali kupeza kuti mtsempha wacepanso pamalo omwe aja. Kaundula wa ku America anaonetsa kuti izi zinali kucitika kwa wodwala mmodzi mwa atatu alionse. Vutoli limachedwa restenosis, kutanthauza kucepanso kwa mtsempha. Nthawi zambiri anali kubwereza baluni kaciwiri ndipo zinali kutheka, koma funso linatsala: n'cifukwa ciani mtsempha umene unatenga zaka makumi kuti utsekeke unali kutsekekanso m'miyezi yocepa?

Poyamba a Gruentzig, monganso a Dotter, anali kukhulupirira kuti baluni imangopsinja mafuta kukhoma la mtsempha. Ofufuza a mumzinda wa Boston anayesa nkhaniyi pa akalulu. Anali kuwadyetsa zakudya za mafuta ambiri ndi kukanda mitsempha yao ya kumiyendo kuti itsekeke, kenako n'kuitsegula ndi baluni ndi kuiyang'ana pa makina okulitsa zinthu. Anapeza kuti baluni imang'amba mafutawo pamodzi ndi khoma la m'kati la mtsempha ndi kuutanula. Zimenezi zinatanthauza kuti angioplasty ndi bala locita kupangidwa mwadala, ndipo bala lirilonse limapola ndi cipsera.

Ku Seattle, a Alexander Clowes ndi a Michael Reidy anafotokoza mu 1983 zimene zimacitika pa makoswe akakanda mtsempha wa m'khosi ndi kabaluni. Maselo a mnofu a m'khoma la mtsempha amadzuka, amaswana, n'kusamukira m'kati, kumene amamanga mnofu watsopano wocepetsa njira ya magazi. Makoswe ndi ochipa, ndipo zotsatira zimaoneka m'masabata awiri okha, kotero ofufuza ambiri anayamba kuyesera pa iwo mankhwala oletsa cipsera cimeneci. Ciyembekezo cinali cakuti posacedwa padzapezeka mapiritsi othetsa vutoli.

A Gruentzig sanaone mapeto ake. Pa 27 October 1985 ananyamuka ndi akazi ao kucokera kunyumba yao yopumulirako ya m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic kubwerera ku Atlanta, pa ndeke yao ya mtundu wa Beechcraft Baron. Nyengo inali yoipa, kunali mitambo yambiri ndi mvula, ndipo ndekeyo inagwa isanafike. Anaikidwa m'manda mumzinda wa Macon. Caka cimeneco cinali ca cisoni kwa madotolo a mtima ndi mitsempha, pakuti a Charles Dotter, a Mason Sones ndi a Melvin Judkins, amene anakonza timapaipi tofikira m'mitsempha ya mtima, onse anamwalira mu 1985 momwemo.

Nkhondo yolimbana ndi kucepanso kwa mitsempha inatsalira ena, ndipo inayamba ndi zokhumudwitsa. Mu 1989 ofufuza analengeza kuti mankhwala a kuthamanga kwa magazi ochedwa cilazapril acepetsa kwambiri cipsera pa makoswe. Atayesedwa pa odwala mazana angapo ku Ulaya, pa kafukufuku wochedwa MERCATOR amene zotsatira zake zinatuluka mu 1992, sanathandize konse. Mankhwala osungunula magazi a heparin, amenenso anagwira nchito pa makoswe, analephera cimodzimodzi, ndipo ena ambiri anatsata njira yomweyo. Zifukwa zake zinadziwika pang'onopang'ono. Mtsempha wa khoswe woyeserayo unali wabwinobwino, wopanda mafuta ouma. Mlingo wa mankhwala wopatsidwa kwa khoswe, poyerekeza ndi kulemera kwake, unali waukulu kwambiri kuposa umene munthu angapirire. Limeneli linali phunziro lomwe lija la agalu a ku Zurich: nyama imaonetsa kolowera, koma siilowa m'malo mwa munthu.

Ofufuza anatembenukira ku nkhumba, imene mtima wake umafanana ndi wa munthu pa kukula ndi pa kayalidwe ka mitsempha. Mu 1990 a Robert Schwartz ndi anzao a pa cipatala ca Mayo Clinic anaonetsa kuti akavulaza mtsempha wa mtima wa nkhumba ndi kawaya kopota kokulirapo, pamamera cipsera cofanana kwambiri ndi ca anthu, ndipo pambuyo pake anatsimikiza kuti bala likazama cipsera cimakulanso. Ku Emory, kumene a Gruentzig anagwira nchito, gulu la a Spencer King linagwiritsanso nchito nkhumba, ndipo linaonetsa kuti ceza ca radiation coperekedwa m'kati mwa mtsempha cimacepetsa cipsera. M'zaka za m'ma 1990 kunadziwikanso cinthu cina cimene makoswe sanaonetse bwino. Pambuyo pa baluni, mtsempha wonse umakhwinyata pamene ukupola, ndipo kukhwinyata kumeneku kumacepetsa njira ngakhale kuposa mnofu womera m'kati.

Mankhwala a kukhwinyata anali citsulo. Mu 1986, patangopita miyezi yocepa a Gruentzig atamwalira, a Jacques Puel ku Toulouse m'dziko la France ndi a Ulrich Sigwart ku Lausanne m'dziko la Switzerland anaika koyamba m'mitsempha ya mtima ya anthu kawaya kolukidwa ngati kamono, kochedwa stent, kamene kamatsala m'kati kucirikiza khoma. Mu 1994 kafukufuku wa BENESTENT anaonetsa kuti mwa odwala 100, mtsempha unacepanso kwa 32 othandizidwa ndi baluni yokha, ndi kwa 22 oikidwa stent. Vuto linacepa, koma silinathe, cifukwa mnofu unali kumerabe kudzera m'mipata ya kawayako.

Gawo lotsiriza linali kuphatikiza citsulo ndi mankhwala. M'malo mopatsa munthu mapiritsi oyenda m'thupi lonse, anapaka mankhwala pa stent yeniyeniyo kuti azituluka pang'onopang'ono pabala pomwepo. Motero mlingo waukulu umene unali kugwira nchito pa nyama unafika pamalo ofunikira popanda kuvulaza thupi. Mankhwala oyamba kupambana anali sirolimus, ocokera ku tizilombo topezeka m'dothi la pa cisumbu ca Easter. Atayesedwa pa nkhumba, a Eduardo Sousa a ku São Paulo m'dziko la Brazil anaika stent yotere mwa munthu mu December 1999. Pa kafukufuku wa RAVEL wa mu 2002, panalibe wodwala ndi mmodzi yemwe woikidwa stent ya mankhwala amene mtsempha wake unacepanso m'miyezi isanu ndi umodzi, pamene mwa oikidwa stent wamba zinacitika kwa mmodzi mwa anai. Zaka zotsatira zinaonetsa kuti vutoli silinafafanizike kotheratu, ndi kuti odwala ayenera kumwa mankhwala oletsa magazi kuundana kwa miyezi ingapo. Komabe ndi ma stent a masiku ano, odwala osakwana 10 mwa 100 ndiwo amafunika kubwerera cifukwa ca kucepanso kwa mtsempha.

Kafukufuku woyerekeza baluni ndi opaleshoni amene a Gruentzig anapempha anacitika ku Emory iwo atamwalira, motsogozedwa ndi a Spencer King, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1994. Zinaonetsa kuti patapita zaka zitatu ciwerengero ca omwalira cinali cofanana m'magulu onse awiri, koma othandizidwa ndi baluni anali kubwerera kucipatala kawirikawiri. Opaleshoni yolambalala ikali yofunika kufikira lero, makamaka kwa odwala otsekeka mitsempha ingapo ndi odwala shuga. Kumene njira ya baluni yapulumutsa miyoyo yambiri koposa ndi pa munthu amene mtsempha wake watsekeka mwadzidzidzi, akafika msanga kucipatala cokhala ndi zipangizo.

Dzina la a Gruentzig likali pa malo othandizira odwala mtima ku Emory ndi pa cipatala ca yunivesite ku Zurich. Koma umboni womveka bwino wa nchito yao unali m'cifuwa ca wodwala wao woyamba. A Adolf Bachmann anajambulidwanso mu 1987, patapita zaka 10, ndipo malo amene anatsegulidwa aja anapezeka ali otseguka. Anajambulidwanso mu 2000, ali ndi zaka zoposa 60, ndipo magazi anali kudutsabe pamalopo. Pa nthawiyo dotolo amene anawathandiza anali atagona m'manda zaka pafupifupi 15.